Makatoni a Pansi pa Mpando wa Tereza

Ana anga, nthawi zonse mukabwera kudzandiona mumafuna kundikonzera m'nyumba, ndipo nthawi zonse timakangana pa chinthu chimodzi: makatoni asanu ndi awiri amene ali pamwamba pa kabati. Wina amati akuitana mphemvu, wina amati tiyatsire mbaula. Ine ndakhala ndikungoti asiyeni, osakuuzani chifukwa. Tsopano popeza ndinapuma pa ntchito ndipo maso akadaona, ndati ndilembe, kuti tsiku limene mudzawataye mudzakhale mukudziwa chimene mukutaya. Za ubwana wanga sindinenapo, mulibe zambiri kupatula khasu ndi sukulu yothera panjira.

Chaka choyamba pa ntchito

Ndinalowa ntchito pa chipatala cha mishoni kwathu kuno ku Chiradzulu ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ntchito yake yokolopa. Ndinkakolopa wodi ya ana ndi kachipinda kena kakumapeto kwa khonde, kumene a Sisitere Imelda ankawongola manja ndi miyendo ya ana olumala. Masiku amenewo ambiri anali a poliyo. A Sisitere anali mayi wamfupi, wosakonda kuseka, koma manja awo ankadziwa thupi la mwana kuposa mayi womubereka. Ine ndinkachedwa dala m'chipindamo, kukolopa malo amodzi kawiri, chifukwa ndinkafuna kuonerera. Tsiku lina kamtsikana kena kanakana kutambasula zala, kulira mpaka mawu kusasa. Ndinatuluka panja, kutola timiyala, kukhala pansi patsogolo pake n'kuyamba kusewera phada ndekha ngati wamisala. Mwana uja analeka kulira, kenako anatambasula dzanja lodwala lomwelo kuti andilande mwala. A Sisitere anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndikabweze chikolopa kwa a matironi, mawa ndibwere ndi miyala yangayo. Umu ndi mmene ndinayambira ntchito imene anthu amati mafizo. Mapepala ake ndinadzawapeza pambuyo, m'timaphunziro ta milungu iwiri-iwiri.

Pakhoma la chipindacho mwana aliyense anali ndi mzere wake. Tinkamukhazika pamalo amodzimodzi, iye n'kukweza dzanja, ife n'kulemba ndi khala pamene chala chafika. A Sisitere ankaletsa zinthu ziwiri. Choyamba, kulola mwana kuweramitsa mutu kapena kupendeketsa thupi pofuna kuthandizira dzanja, chifukwa mkono umazolowera ulesi. Mawu akuti "Mutu uwongoke!" ndinawatengera kwa iwo, ndipo ndawakuwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Chachiwiri, kukweza mzere chala chisanafike. Ine ndinachitapo kamodzi, kuwonjezera pang'ono chabe pofuna kuti mayi wina abwerere ndi chimwemwe. A Sisitere ananyowetsa chala ndi malovu, kufufuta mzere wangawo mayiyo akuona, n'kunditengera pakhonde.

"Rozina, mayi uyu wayenda wapansi kuchokera ku Likoswe mwana ali kumsana. Usamubweze ndi bodza."

Manyazi a tsiku limenelo ndinkaganiza kuti andikwanira moyo wonse.

Patapita zaka khumi ndi zinayi

A Sisitere atakalamba anabwerera kunyumba ya masisitere, ndipo ine ananditumiza ku kachipatala kakang'ono kufupi ndi Namadzi, kuti amayi a kumeneko asamavutike ndi mtunda. Kumeneko ndinali ndekha ndi mphasa ziwiri. Njinga za olumala kunalibe, mipando yoti mwana wolephera kukhala tsonga akhalepo kunalibe, ndiye tinkapanga tokha. Ndinkazungulira m'magolosale kupempha makatoni a sopo ndi a mafuta ophikira, mpaka mavenda a pamsika anandipatsa dzina loti Nakatoni, m'malo mwa Mayi Nakoma. Tinkamata makatoni angapo pamodzi ndi phala la ufa wa chinangwa mpaka asanduke ngati thabwa, lokhuthala zala ziwiri. Kenako tinkadula, kumanga mpando molingana ndi thupi la mwana, kukutira ndi nyuzipepala n'kuyanika padzuwa. Mpando wotero ukapanda kunyowa unkatha zaka.

Chaka chimenecho kunagwa njala. Tsiku lina ndikuphika phala lomatira, ndinangoona amayi anayi atazungulira mphika, maso onse ali mumphikamo. Mmodzi anandifunsa mwaulemu ngati mpandowo sungadikire. Ndinagawa phalalo m'makapu, ana anadya, ndipo mpaka nthawi yokolola sitinapange mpando ngakhale umodzi. Ndikunena izi kuti mundidziwe bwino. Pakamwa panga pankaopedwa, amayi ankati Mayi Nakoma akakukalipira umakafika kunyumba makutu akadali kulira, ndipo sankanama. Koma mwana akalira pamaso panga, mphamvu zinkandithera. Kufooka kumeneku ndinkakudziwa, ndipo ndinkadzinamiza kuti ndinakugonjetsa.

Patatsala zaka ziwiri kuti ndipume

Ndinabwerera ku mishoni imvi zitayamba kale, ndipo bwana wanga womaliza anali a Makwinja, munthu wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, wophunzira ku koleji ku Blantyre. Poyamba ndinkawaderera. Ndinkati munthu amene sanatolepo katoni pamsika angandiuze chiyani ine. Koma anali wofatsa, wodziwa ntchito yake, ndipo ankanditchula kuti amayi, mochokera pansi pa mtima. Iwo ndi amene anabweretsa matabuleti atatu, mafoni aakulu aphwatalala aja, ochokera kwa anthu akufuna kwabwino.

M'matabuletimo munali masewera othyola mango. Tabuleti inkaima patebulo, mwana n'kukhala pampando moyang'anana nayo, titamumanga kansalu kofiira padzanja lodwala. Kamera inkatsatira kansaluko. Mwana akakweza dzanja, kadzanja ka pagalasi nakonso kankakwera n'kuthyola mango, kuponya mudengu. Akadzaza dengu, sabata yotsatira mango ankakhala pa nthambi yapamwamba. Akalephera, mango ankagwa pansi, pusi n'kubwera kudzatola, kwinaku akuseka. Zotsatira zonse zinkapita zokha pa kompyuta ya a Makwinja. Iwo anajambula ndi penti pansi pomwe tebulo ndi mpando ziziima, n'kunena kuti zisasunthe. Makoma anawapakanso penti, mizere ya makala ija n'kutheratu.

Ndinene zoona, zinkathandiza. Ana amene ankalira m'manja mwanga ankakweza mkono kambirimbiri akuseka, osadziwa kuti akupanga mafizo. Ndinachita nsanje, ine mayi wamkulu kuchitira nsanje foni. Chifukwa cha nsanjeyo ndinangophunzira kuyatsa ndi kuzimitsa basi. A Makwinja akafuna kundionetsa zina, ndinkati ndatanganidwa. Ana anali ochuluka, matabuleti atatu okha, ndiye mwana aliyense ankapatsidwa ola limodzi pa sabata, ndipo akafika pa nthambi yomaliza ankatuluka kuti alowe wina wodikira.

Febuluwale, chaka chomaliza

Tereza anabwera ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwawo kunali kuseri kwa Njuli. Malungo aakulu anamugwira ali ndi zaka zitatu, n'kumusiya ndi mkono wamanja wopindika pachigongono. Akayesetsa kwambiri, chala chinkafika pachibwano, osapitirira. Anali mwana wolongolola, wofunsa mafunso ngati wapolisi, ndipo kuyambira tsiku loyamba ankanditchula kuti agogo. Bambo ake, a Jemusi, anali a kabaza wa njinga yakapalasa. Lachinayi lililonse ankasiya siteji, kumukhazika mwana pakhushoni n'kupalasa zitunda zonse zija mpaka ku mishoni, chifukwa mayi ake anali ndi khanda.

Chimene chinawabweretsa chinali ichi. Tereza ankaphunzira katekisimu kuti alandire Ukaristia woyamba kumapeto kwa Juni. Popemphera ankalemba chizindikiro cha mtanda ndi dzanja lamanzere, anzake n'kumamuseka. Tsiku lina akatekisiti ananena pagulu kuti dzanja limene sitipatsira nalo moni akuluakulu sitingalonjere nalo Mulungu. Ine nditamva ndinapsa mtima, ndinapita kwa Bambo Mfumu osagogoda n'komwe. Iwo anandikhazika pansi, n'kunena kuti Mulungu sasankha dzanja, ndipo akatekisitiwo akawalankhula. Ndinabwerera ndikuyesa kuti nkhani yatha, koma Tereza anapukusa mutu.

"Agogo, ine ndi lamanzere sindikalandira. Ndikufuna lomwe amachitira anzanga. Likapanda kufika pamphumi, kutchalitchiko sindipita."

Choncho ntchito yanga inali yodziwika: kuchotsa chala chija pachibwano, kuchifikitsa pamphumi, Juni asanathe.

Masabata atatu oyamba zinayenda. Mango anali m'munsi, dengu linkadzaza, Tereza ankaimba nyimbo. Sabata yachinayi mango anakwera kufika pa msinkhu wa mphuno yake. Anakweza mkono mpaka kunjenjemera, osafika. Anaweramitsa mutu, kupendeketsa thupi, ine n'kukuwa kuti mutu uwongoke. Mango anagwa, pusi uja anatulukira n'kuseka. Anagwanso, pusi n'kusekanso. Tereza anavula kansalu kofiira, n'kunena misozi ili mbwee kuti ngakhale pusi akuseka ngati ana a ku katekisimu. Lachinayi lotsatira bambo ake anachita kumunyamula kuti atsike panjinga.

Lachinayi a Makwinja ankakhala ku mawodi, m'chipinda ndinkatsala ndekha. Pawindo panali makatoni omata amene ndinayanika kuti ndipangire mpando wa mwana wina. Ndinamutuma Tereza kuti akamwe madzi pampopi. Atatuluka, ndinatenga katoni imodzi, kuilowetsa pansi pa mpando wake n'kuphimba ndi chitenje. Mpando sunasunthe pa penti ya a Makwinja, unangokwera zala ziwiri. Tereza atakhalapo, kansalu kofiira kanaoneka kokwera pa kamera, ndipo mango anagwera mudengu. Mmene anasekera mwana uja, ana anga, mtima wanga unasungunuka. Ndinadziuza kuti ndi lero lokha, angolimba mtima, sabata yamawa ndichotsa.

Koma masewera aja sadziwa zoti lero lokha. Popeza anapambana, sabata yotsatira mango anakwera. Kuchotsa katoni kukanakhala kumugwetsa kawiri, ndiye ndinawonjezera yachiwiri. Kenako yachitatu. Lachinayi lililonse ndinkamutuma kumpopi, Lachinayi lililonse ndinkaomba m'manja dengu likadzaza, ndipo akachoka ndinkabisa makatoni kuseri kwa kabati ya mankhwala. Mkono sunkagwiranso ntchito yolemetsa, unkangofika pomwe unazolowera. A Jemusi anandifunsa tsiku lina, chipewa chili m'manja, kuti bwanji kunyumba dzanja likuthera pachibwano pomwe paja. Ndinawayankha kuti zimayambira pa makina, kunyumba zimadzafika pambuyo, ana amachita manyazi ndi makolo. Anandithokoza, n'kundiuza kuti mayi ake ayamba kale kusoketsa diresi loyera. Bodza lachiwirili limandiwawa kuposa makatoni, chifukwa munthuyo anali ataona zoona ndi maso ake, ine n'kumutseka pakamwa ndi yunifolomu yanga.

Meyi

Lachisanu lina a Makwinja anandiitana mu ofesi, nkhope ili yowala. Ananditembenuzira kompyuta n'kundionetsa mzere wa Tereza ukukwera ngati njira ya kuphiri. Anati mwanayo wafika pa nthambi yomaliza, ndiye kuti dzanja likupitirira mutu, ndipo amutulutsa. Ola lake la Lachinayi anali atalilonjeza kale kwa mwana wina wa ku Likoswe amene anadikira miyezi yambiri. Anawonjezera kuti nkhani ya Tereza akailemba mu lipoti lopita kwa anthu amene anapereka matabuleti, ndipo adzaifotokoza pa tsiku londitsanzika, popeza kunali kutatsala miyezi iwiri yokha kuti ndipume.

"Amayi, mukupuma ndi ulemu," anatero.

Ndinati zikomo, n'kutuluka. Inde, ndinati zikomo.

Loweruka lonse nkhaniyi inandidya mutu. Ndikanakhala chete, palibe akanadziwa. Makatoni ndikanapangira mpando, a Makwinja akanalemba lipoti lawo, ine ndikanalandira mphatso zanga n'kubwera kuno kudzalima nandolo. Tereza akanafika tsiku lake dzanja lili pachibwano, n'kumadziona ngati wolephera yekha, popeza makina anati anachira. Ndikanaulula, dzina limene ndinalimanga zaka zonsezi likanagwa pakhomo potulukira. Lamulungu ndinapita ku Misa ndisanaganize chochita. Ansembe atayamba pemphero, ndinakweza dzanja monga mwa masiku onse, ndipo litafika pachibwano linaima. Sindinathe kulipititsa pamphumi. Ndinakhala choncho, chala chili pachibwano, anthu onse atamaliza.

Lolemba m'mawa ndinatulutsa makatoni onse asanu ndi awiri, kuwamanga ndi chingwe, kuwasenza pamutu kudutsa khonde lonse anamwino akundiyang'ana, n'kukawatula patebulo la a Makwinja. Ndinafotokoza zonse ndili chiimire. Iwo anayeza mulu wa makatoniwo ndi dzanja, kuyang'ana pa kompyuta, kenako n'kutembenukira kwa ine.

"Ana ena aja nawonso?"

"Tereza yekha, bwana."

"Ndikukhulupirirani bwanji, amayi?"

Funso limenelo linandilasa, koma linali loyenera. Kenako anatenga tabuleti, kudina malo awiri, n'kundionetsa chinthu chimene sindidzaiwala. Munali potsitsira mango kuti mwana abwerere pa nthambi imene angaithe, ndipo zikatero kompyuta inkalemba zoona zake. Munalinso pozimitsira kuseka kwa pusi. Zonsezi ndi zimene ankafuna kundiphunzitsa masiku amene ndinkati ndatanganidwa. Anangoti ndikanawafunsa, osawonjezera mawu ena, ndipo kufatsa kwawoko kunandipweteka kuposa kukalipa.

Anayezanso ana onse amene ndinkawasamala, mmodzimmodzi, ine ndili panja. Anandiletsa kugwira tabuleti, n'kulemba kalata yolowa mu fayilo yanga. Ola la Lachinayi sakanalilanda kwa mwana wa ku Likoswe, ndipo sindinawapemphe kutero. Tereza anataya malo ake chifukwa cha ine. Makatoni anandiuza kuti ndiwachotse mu ofesi mwawo. Ndinabwera nawo kunyumba, ndipo ndi omwe mumawaona pakabatiwo. A Makwinja anati akawauza okha a Jemusi, koma ndinakana. Ndinati amene ananama ndi ine.

Tsiku lotsatira ndinakwera minibasi mpaka pa Njuli. A Jemusi ndinawapeza pa siteji, akupopa tayala. Ndinawapempha kuti tipite pambali, n'kuwauza. Sanakuwe. Anatsamira njinga yawo, maso ali pansi.

"Amayi, Lachinayi lililonse ine ndimasiya anthu pano, anzangawa n'kumanyamula. Sindinadandaulepo. Koma paja ndinakufunsani."

"Munandifunsa, bambo a Tereza. Ndinakunamizani."

"Nde mukamuuze nokha mwanayo. Ine pakamwa panga sipangathe."

Sanandikweze panjinga. Tinayenda wapansi mpaka kwawo, iwo patsogolo akukankha njinga, ine pambuyo. Tereza tinamupeza pakhonde akutong'ola chimanga, chitsononkho atachipanikiza ndi mkono wodwala uja, zala zamanzere zikugwira ntchito. Ndinakhala pansi pafupi naye, n'kuyamba kufotokoza za makatoni. Sanandilole kumaliza.

"Ndimadziwa, agogo. Mapazi anga anasiya kufika pansi."

Nditamufunsa chifukwa chimene sananenere, anapitiriza kutong'ola, osandiyang'ana.

"Munkasangalala. Mango akagwera mudengu munkaomba m'manja. Ndinkaopa kuti ndikanena mukhumudwa."

Masabata asanu ndi awiri ine ndinkayesa kuti ndikumutonthoza mwana, chikhalirecho mwana ndi amene ankanditonthoza ine. Ankapita kumpopi wopanda ludzu kuti andipatse mpata. Ndinalira pakhonde la eni ake, mayi ake akundiyang'ana khanda lili kubere, ndipo palibe amene anandiuza kuti nditonthole.

Juni

Kuchokera tsiku limene ndinaulula lija, kunali kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti tsiku la Ukaristia lifike. Ndinatenga masiku onse atchuthi amene ananditsalira, n'kumapita kwa a Jemusi katatu pa sabata. Poyamba mayi ake sankandiyalira mphasa, ndipo sindinawaimbe mlandu. Ndinabwerera ku zimene ndinkadziwa. Tinkasewera phada kuti zala zitambasuke. Tinkapachika chitsononkho pa chingwe kudenga la khonde kuti azichimenya. Pomaliza ndinkathira ufa m'mbale, iye n'kuviika chala chamanja, kukweza mkono, kudzigunda kumaso, kenako n'kudziyang'ana pa kagalasi ka mayi ake. Pamene patsala kadontho koyera, ndi pomwepo pamene dzanja lafika. Woyeza anali iye mwini, ine ntchito yanga inali kugwira galasi ndi kukuwa kuti mutu uwongoke. Ankalira masiku ena, ine mtima n'kumandiwawa monga kale, koma manja anga ndinkawakhalira.

Loweruka lachiwiri ndinamva njinga yamoto ikuima pabwalo. Anali a Makwinja, tabuleti ili m'chikwama. Sanandiuze kuti abwera. Anayeza okha mpando ndi tepi, kutsitsa mango kufika pamene Tereza analidi, kuzimitsa kuseka kwa pusi, n'kumusiya asewere. Anabwera Loweruka lililonse mpaka kumapeto, pa nthawi yawo yopuma. Ine ndi iwo tinkangopatsana moni, koma ndinkaona kuti mwanayo akamathyola mango mkono umakwera nthawi zambiri kuposa pa ufa wanga, ndipo nsanje ija inali itandithera.

Kadontho koyera kanachoka pachibwano n'kufika pamlomo. Sabata ina kanafika pansi pa mphuno, n'kukhala pomwepo masiku ambiri mpaka ndinayamba kutaya mtima. Kenako kanakwera pansonga ya mphuno. Loweruka lomaliza, mawa lake ndilo tsiku la Ukaristia, Tereza anaviika chala, kukweza mkono mano atalumana, ndipo ufa unatsala pakati pa maso. Anayesa kachiwiri, kachitatu, pomwepo. Anadziyang'ana pagalasi, kenako anayang'ana ine, n'kufunsa ngati zakwana. Diresi loyera linali litayanikidwa pachingwe kumbuyo kwake. Bambo ake anali ataima pakhomo. Mawu akuti zakwana anali pamilomo panga penipeni.

"Sizinakwane, mwana wanga. Kwatsala zala ziwiri."

Tereza anapukuta ufa kumaso n'kulowa m'nyumba. Ndinabwerera kwathu osadziwa ngati mawa apita kutchalitchi, ndipo panjira ndinkangoganiza kuti zala ziwiri ndi katoni imodzi, ndiponso kuti masabata asanu ndi awiri amene ndinamubera akanakwana kutseka mpata umenewo.

Lamulungu ndinakhala benchi yakumbuyo, pambali pa chipilala. Ana analowa pamzere, atsikana mbali ina, anyamata mbali ina, ndipo ndinawerenga mitu mpaka ndinamuona, wachisanu kuchokera kutsogolo, diresi likumukulira pang'ono m'mapewa. Nyimbo itatha, Bambo Mfumu anakweza dzanja kuyamba pemphero, tchalitchi chonse n'kukweza nawo. Ine maso anali pa mkono umodzi. Unanyamuka pang'onopang'ono, ukunjenjemera. Unadutsa chibwano, unadutsa mphuno, n'kuima pakati pa maso. Dzanja lamanzere linali litagwira diresi mwamphamvu, silinapite kukathandiza. Ndiye Tereza anaweramitsa mutu, mphumi n'kutsika kudzakumana ndi chala.

Mawu a Sisitere Imelda aja anandikwera pakhosi okha, ndinachita kutseka pakamwa ndi chitenje. Nditayang'ana bwino, ndinaona kuti ana onse a pamzerewo nawonso anali ataweramitsa mitu, monga timachitira tonse pamaso pa guwa. Tereza anatsitsa dzanja pachifuwa, kulipititsa ku phewa ili, kulikokera ku phewa linalo. Anamaliza anzake atanena kale Amen. Bambo Mfumu anadikira, osatsegula buku, mpaka mkono uja utatsika.

Misa itatha ndinkafuna kuzemba, koma a Jemusi anandiona. Anabwera, kuvula chipewa, kundipatsa dzanja, ndipo kwa ine zinali zokwanira. Kenako Tereza anatulukira pakati pa anthu, kandulo ili kudzanja lamanzere, n'kundikokera pambali kuti anzake asamve.

"Agogo, ndinaba pang'ono. Ndinaweramitsa mutu."

"Ndinaona."

"Koma dzanja lokhalo linafika pati?"

"Pakati pa maso."

Anandiyang'anitsitsa, maso ali tong'o, monga a Sisitere anandiyang'anira tsiku la mzere uja.

"Osawonjezera?"

"Osawonjezera, mwana wanga."

Anagwedeza mutu, n'kuthamangira kwa anzake.